"WHEN" NDI "WHERE": KUFUNSA NTHAWI NDI KUFUNSA MALO M'CINGEREZI

Lero tikambirana za mau awiri aafupi a Cingerezi, ndiwo "when" ndi "where". Onse awiri ayamba ndi malemba atatu ofanana, w, h ndi e, ndipo munthu akawachula mofulumira, makamaka pa lamya kapena pafupi ndi makina aphokoso, khutu silicedwa kuwasokoneza. Koma nchito zao nzosiyana. "When" afunsa nthawi, monga ife tinena "liti?" "Where" afunsa malo, monga ife tinena "kuti?"

Wina angati, kodi nkhani yaing'ono yotere iyenera kutitayitsa madzulo onse? Taganizani za munthu amene waima pa zenera la ofesi kufuna nchito. Mlembi amfunsa, "When were you born?" iye nayankha, "Chipata." Mlembiyo anafuna caka, koma walandira dzina la tauni. Ngati ali wofatsa adzabwereza funso. Ngati mzere wa anthu uli wautali, angoganiza kuti munthuyu samva Cingerezi, ndipo nchito ija ipita kwa wina. Taganizaninso za mboni m'bwalo la milandu, za mai amene wafika kwa dotolo ndi mwana wodwala, kapena za munthu wa pansi pa mgodi amene alikuuza a pamwamba za ngozi. Onsewa afunsidwa mafunso awiri omwewa, ndipo yankho lopotoka litaya nthawi imene ikanapulumutsa mlandu kapena moyo. Cingerezi ndico cilankhulo ca boma m'Zambia. Mafomu, zidziwitso ndi malamulo a pa nchito zilembedwa m'menemo. Cotero mau awiriwa tidzakomana nao ndithu, tifune tisafune.

YAMBANI MWAYANG'ANA YANKHO

Lamulo loyamba ndi ili: musanasankhe liu lofunsira, ganizani za yankho limene mulikulifuna. Ngati yankholo lipezeka pa koloko kapena pa kalendala, liu lanu ndi "when". Ngati yankholo ndi malo amene mungathe kuwaloza ndi cala, kupitako ndi miyendo, kapena kuwapeza pa mapu, liu lanu ndi "where".

Tiyese lamuloli ndi mbiri ya dziko lathu. M'caka ca 1935 likulu la boma linacoka ku Livingstone ndi kubwera ku Lusaka. M'Cingerezi tinena, "The capital moved to Lusaka in 1935." M'ciganizo cimeneci muli malo, mulinso nthawi. Bisani ndi cala mau akuti "in 1935", ndipo funso lowafunafuna likhala, "When did the capital move?" Bisani mau akuti "to Lusaka", ndipo funso likhala, "Where did the capital move to?" Ciganizo ncimodzi, koma mafunso ali awiri, monga mwa cimene mwabisa.

Nazi zitsanzo zina. "When did Zambia become independent?" Yankho: "On 24 October 1964." Limeneli ndi tsiku la pa kalendala. "Where is Kariba Dam?" Yankho: "On the Zambezi." Umenewu ndi mtsinje wa pa mapu. "When was it finished?" Yankho: "In 1959." "Where does the Tazara railway begin?" Yankho: "At Kapiri Mposhi." Mukazolowera kuganiza za yankho coyamba, theka la bvuto latha.

CIMENE CITISOKONEZA

Kusokoneza mau awa sikucokera m'ulesi iai. Muzu wake uli m'Cinyanja cathu comwe. Pofunsa, ife sitiphonya, ngakhale mwana wamng'ono adziwa kusiyana kwa "Mubwera liti?" ndi "Mupita kuti?" Anzathu olankhula Cibemba, amene tikhala nao ku migodi, asiyanitsanso momwemo, pakuti ali ndi "lilali" wa nthawi ndi "kwi" wa malo. Koma tikaleka kufunsa ndi kuyamba kusimba nkhani, ife tiri ndi liu limodzi logwira nchito ziwiri, ndilo "pamene". Tinena, "Pamene belu linalira, tinatuluka," ndipo apa "pamene" ndi nthawi. Tinenanso, "Apa ndi pamene mwala unagwera," ndipo apa "pamene" ndi malo. "M'mene" nayenso atero: "M'mene ndinafika anali atacoka," komanso "Iyi ndi nyumba m'mene agona alendo." Tsono munthu amene alikumasulira mumtima kucokera ku Cinyanja afika pa "pamene", napeza njira ziwiri patsogolo pake. Ciganizo ca belu cifuna "when": "When the bell rang, we went out." Ciganizo ca mwala cifuna "where": "This is where the rock fell."

Cinthu caciwiri cotisokoneza ndi timau titatu ta Cingerezi, "at", "on" ndi "in", timene tiperekeza mayankho a nthawi ndi a malo omwe. Tamvani:

"At six o'clock" ndi nthawi. "At the gate" ndi malo.
"On Friday" ndi nthawi. "On the road" ndi malo.
"In June" ndi nthawi. "In Ndola" ndi malo.

Zimenezi siziyenera kutidabwitsa, popeza ifenso tinena "pa Lacisanu" ndi "pa mseu", "m'mwezi wa Juni" ndi "m'tauni". Phunziro lake ndi lakuti kaliu ka patsogolo sikangakuuzeni ngati yankho liri la "when" kapena la "where". Yang'anani liu lotsatira. "Friday" simungaime pamwamba pake, ndipo "gate" simungaipeze pa koloko.

Pali cimodzi cimene Cingerezi catipeputsira. Ife tiri ndi mau atatu ofunsira malo: "Ndiike pati?", "Upita kuti?", "Walowa muti?" Mngerezi ali ndi "where" mmodzi yekha wogwira nchito zonse zitatu.

MAU A BANJA LIMODZI

Njira yabwino yokumbukira ndiyo kuzindikira abale a liu liri lonse. Lembani "where" pa pepala. Fafanizani w, ndipo patsala "here", ndiko kuti "pano" kapena "kuno". Ikani t pamalo pa w, ndipo mwapeza "there", ndiko kuti "apo" kapena "uko". Onse atatu ndi mau a malo: where, here, there. Tsono lembani "when". Ikani t pamalo pa w, ndipo mwapeza "then", ndiko kuti "pa nthawi imeneyo". Onse awiri ndi mau a nthawi. Mwa njira yomweyo "what" ayankhidwa ndi "that". W afunsa, t ayankha. Mukakayika, yesani kuyankha funso lanu ndi "there" kapena ndi "then", ndipo limene ligwirizana lidzakuuzani liu loyenera.

Kufanana kumeneku sikunadze mwangozi. Zaka 1,000 zapitazo makolo a Angerezi analikulemba mau ofunsira ndi h patsogolo ndi w pambuyo: "hwaer" ndiye "where" wa lero, "hwanne" ndiye "when", "hwaet" ndiye "what". Anormani atagonjetsa England m'caka ca 1066, kalembedwe ka Cingerezi kanasintha pang'ono pang'ono, ndipo alembi anatembenuza malemba awiriwo kukhala wh. Kufikira lero anthu ambiri a ku Scotland ndi ku Ireland amveketsa kampweya ka h pochula mau awa, pamene ambiri a ku England angoyamba ndi w. Cotero musade nkhawa mukamva Azungu awiri akuchula mosiyana. Onse alikunena liu limodzi.

Kale kunalinso mau ena awiri a banja la "where", ndiwo "whence", kufunsa kocokera, ndi "whither", kufunsa kopita. Mudzawapeza m'mabuku akale, monga m'Baibulo la Cingerezi la King James la m'caka ca 1611. Masiku ano munthu sawagwiritsa nchito polankhula, ndipo mukafunsa nao njira pa siteshoni anthu adzamwetulira. M'malo mwao tinena "where from" ndi "where to".

Za kachulidwe, cherani khutu ku mathero a liu. "When" atha ndi n, lilime litagunda kuseri kwa mano a m'mwamba. "Where" atha pakamwa pali potseguka, ndipo amveka ngati "there" ndi "hair". Ife tizolowera kutsiriza liu liri lonse ndi a, e, i, o kapena u, motero tinena "weni" ndi "weya". Yesani kudula mcira umenewo. Cenjeraninso ndi "were", amene amveka ngati "her", ndi "went", amene ali ndi t kumapeto. Funso lakuti "Where were you?" ndi labwino kuyeserapo lilime.

KAMANGIDWE KA FUNSO

Kusankha liu loyenera ndi ciyambi cabe. Liyeneranso kuikidwa pamalo pake. Ife tiika liu lofunsira kumapeto: "Mugwira nchito kuti?" "Munafika liti?" Mngerezi aliika patsogolo peni peni. Munthu akanena "You work where?" amveka, koma kwa Mngerezi funso lotere limveka ngati la munthu wodabwa kapena wosakhulupirira zimene wamva.

Dongosolo lake ndi ili: coyamba liu lofunsira, caciwiri liu lothandiza, cacitatu munthu kapena cinthu cimene mulikufunsa, cacinai mneni, ndiye liu la kucita. Mau othandiza ndiwo monga "do", "does", "did", "will", "can", "is" ndi "are".

"Where do you work?" Mugwira nchito kuti?
"When does the shift begin?" Shifti iyamba liti?
"When did you arrive?" Munafika liti?
"Where will they meet?" Adzakomana kuti?

Onani kuti "did" akasenza nthawi yakale, mneni abwerera m'maonekedwe ake a masiku onse. Tinena "When did you arrive?" osati "When did you arrived?" Katundu mmodzi sasenzedwa ndi anthu awiri. Cimodzimodzi ndi "does": tinena "Where does he live?" osati "Where does he lives?" Koma "is", "are", "was" ndi "were" safuna wothandiza wina, aima okha: "Where is the clinic?" "When was the meeting?"

Pali msampha wina wa "when" yekha. Pofunsa za cinthu cimene cinacitika kale, tigwiritsa nchito "did", osati "have". Tinena "When did you come?" osati "When have you come?" Cifukwa cake ndi cakuti "when" afuna nthawi yodziwika imene inapita, pamene "have" anena za cinthu cimene cifika mpaka tsopano. "Where" alibe bvuto limeneli: "Where have you been?" ndi funso labwino, ndipo amai ambiri alidziwa kufunsa kwake.

PAMENE MAU AWIRIWA SAKWANIRA

"When" ndi liu lotakata. Mukafunsa "When is the meeting?" munthu angayankhe "Next week," ndipo sanalakwe, ngakhale inu munafuna ora. Ife tisiyanitsa "liti" ndi "nthawi yanji", ndipo Mngerezi ateronso. Mukafuna ora, nenani "What time?" Mukafuna tsiku la m'sabata, nenani "What day?" Mukafuna deti, nenani "What date?" Mukafuna utali wa nthawi, nenani "How long?" Funso lakuti "When did you start work here?" liyankhidwa ndi caka, monga "In 2015." Funso lakuti "How long have you worked here?" liyankhidwa ndi ciwerengero ca zaka, monga "For ten years." Pa nkhani ya penshoni mudzafunsidwa onse awiri, ndipo mayankho ake ayenera kugwirizana.

Polandira yankho la ora, musalole kuti likhale la theka. "At six" angakhale m'mawa kapena madzulo, ndipo kwa munthu wa mashifti kusiyana kumeneku ndi malipiro a tsiku lathunthu. M'Zambia tizolowera kuwerenga maora 24, motero tinena "eighteen hours", ndipo palibe cokayikitsa. Koma alendo ambiri anena "6 a.m." ndi "6 p.m." Malemba amenewa acokera ku Cilatini: a.m. ndiyo nthawi isanakwane 12 koloko masana, p.m. ndiyo nthawi itapitirira. Za madeti, ife titsata Angerezi polemba tsiku coyamba ndi mwezi pambuyo, koma Aamerika ayamba ndi mwezi. Cotero 3/4 kwa ife ndi 3 Epulo, kwa iwo ndi 4 Malichi. Pa pepala lofunika lembani dzina la mwezi m'mau.

"Where" nayenso nthawi zina afuna mnzake kumapeto. "Where are you going?" ndi kufunsa kopita. "Where are you coming from?" ndi kufunsa kumene mwacokera tsopano lino, kapena kumsika kapena ku nchito. Koma "Where do you come from?" ndi kufunsa kwanu, dziko kapena mudzi wa makolo. Munthu wofunsidwa funso lotsirizali akayankha kuti "From the market," wayankha funso lina. Ndipo mukafuna utali wa ulendo, liu lake ndi "How far?"

PAKATI PA CIGANIZO

Mau athu awiriwa sakhala ofunsira nthawi zonse. Alumikizanso mbali ziwiri za ciganizo, monga acitira "pamene" ndi "kumene". Lamulo ndi lomwe lija: yang'anani liu limene liri patsogolo pao. Likakhala la nthawi, monga "day", "year" kapena "time", litsatidwa ndi "when": "I remember the day when we arrived." Likakhala la malo, monga "town", "house" kapena "shaft", litsatidwa ndi "where": "This is the town where I was born."

Koma apa cenjerani. Si dzina liri lonse la malo limene lifuna "where". Tinena "the house where he lives", cifukwa akhala m'nyumbamo. Koma tinena "the house which he built", cifukwa nyumbayo ndi cinthu cimene anamanga. Cinyanja cidzakuthandizani pamenepa. Ngati m'cilankhulo cathu munena "m'mene", "kumene" kapena "pamene", ikani "where". Ngati munena "imene" kapena "cimene", monga "nyumba imene anamanga", ikani "which" kapena "that".

Caciwiri, funso likalowa m'kati mwa ciganizo cina, lileka dongosolo la funso. Tinena "Where do you live?" koma "Tell me where you live." Tinena "When does the train leave?" koma "Do you know when the train leaves?" Wothandiza uja "do" acoka, ndipo mau atsatana monga m'ciganizo wamba. Ici ncofunika kwambiri, cifukwa mafunso aulemu ambiri ayamba ndi "Could you tell me" kapena "Do you know". Munthu amene afuna kulankhula mwaulemu kwa mkulu wa nchito ayenera kunena, "Could you tell me where the office is?" osati "where is the office."

Cacitatu, "when" akatanthauza "-ka-" wathu, monga m'mau akuti "akabwera, mumuuze", satsatidwa ndi "will", ngakhale nkhaniyo iri ya mtsogolo. Tinena "When he comes, tell him," osati "When he will come." Koma pofunsa tinena "When will he come?" ndiponso "I do not know when he will come," popeza m'menemo muli funso lobisika, lakuti adzabwera liti.

PAMENE ONSE AWIRI ATHEKA

Kuli mayankho ena amene ali nthawi ndi malo pamodzi. Ukwati, maliro, msonkhano ndi mpira zicitika pa tsiku lake ndi pamalo pake. Wina akati "I met him at the wedding," funso lake lingakhale "When did you meet him?" kapena "Where did you meet him?" ndipo onse awiri ali bwino. Pa mayeso a kusukulu aphunzitsi kawiri kawiri ayembekeza "where" pa yankho lotere. Koma m'moyo wa masiku onse, dzifunseni cimene mufuna kudziwa. Ngati mulikufuna tsiku, ndipo mwayankhidwa "at the wedding", onjezani funso: "When was the wedding?"

PA NCHITO, KU CIPATALA NDI KU BWALO

Tsono tione kumene mau awa alemera koposa. Pansi pa mgodi, munthu akabvulala, woimba lamya afunsidwa coyamba "Where?" cifukwa othandiza sanganyamuke osadziwa kopita. Yankho liyenera kuyamba ndi malo aakulu ndi kutsikira ku aang'ono: shafti, levulo, ndi malo eni eni a nchito. Pambuyo pake afunsidwa "When?" cifukwa a cipatala afuna kudziwa kuti munthuyo wakhala nthawi yotani ali wobvulala. Apa muyankhe ndi ora, kapena "Ten minutes ago." Liu lakuti "ago" liwerenga cam'mbuyo kucokera tsopano. Ndiponso miyala ikaphulitsidwa, pali nthawi yoikika yodikira kuti utsi woipa ucoke. "Where are they blasting?" ndi "When can we go back in?" ndi mafunso awiri osiyana, ndipo munthu wanzeru afuna mayankho onse awiri asanaponde phazi.

Ku cipatala dotolo adzati, "Where is the pain?" Lozani ndi dzanja, nimuchule ciwalo. Adzatinso, "When did it start?" Musayankhe kuti "long ago", pakuti "kale" wa munthu mmodzi ndi masiku atatu, wa mnzake ndi zaka zitatu. Nenani "On Monday," kapena "Three days ago." Polandira mankhwala, funso lanu likhale "When do I take it?" ndipo mumvetsetse ngati ayankha "before meals", musanadye, kapena "after meals", mutadya.

Ku bwalo la milandu, mboni iri yonse ifunsidwa kumene inali ndi nthawi imene inaona cinthu. Mboni imene isintha-sintha mayankho a mafunso awiriwa itaya cikhulupiriro ca woweruza, ngakhale irikunena zoona. Ngati Cingerezi canu ncocepa, pemphani womasulira. Palibe manyazi pamenepo.

Pa mafomu, mau awiriwa abvala zobvala zina. "Date of birth" ndiye "when", tsiku lobadwa. "Place of birth" ndiye "where", kobadwira. Momwemonso "date of issue" ndi tsiku limene citupa cinaperekedwa, "place of issue" ndi ofesi kapena tauni kumene cinaperekedwa. Mukaona "date" kapena "time", ganizani za kalendala ndi koloko. Mukaona "place" kapena "address", ganizani za mapu. Colembedwa molakwa pa pepala la boma cibvuta kukonza, ndipo cingakutsateni kufikira tsiku lopuma nchito.

Ngati simunamve bwino funso, musaponye yankho mwa mwai. Pali mau aafupi oyenera kuwasunga pamtima: "Do you mean the time or the place?" Kodi mulikunena nthawi kapena malo? Palibe mlembi kapena dotolo wanzeru amene angakwiye nalo funso limeneli. Akulu anati safunsa anadya phula.

DZIYESENI NOKHA

Tengani pensulo, nimuike "when" kapena "where" pamalo posiyidwa. Musayang'ane mayankho musanatsirize.

1. ...... did the railway reach Broken Hill? In 1906.
2. ...... is the Victoria Falls Bridge? Near Livingstone.
3. This is the shaft ...... my brother works.
4. 1949 is the year ...... the African Mineworkers' Union was formed.
5. Tell me ...... the pain began. Yesterday.
6. ...... do you come from?
7. Call me ...... the doctor arrives.
8. ...... did you first see her? At the funeral.

Mayankho ndi awa. Loyamba ndi "when", pakuti 1906 ndi caka. Broken Hill, imene lero ichedwa Kabwe, yachulidwa kale m'funso, cotero malo sitiwafuna. Laciwiri ndi "where". Lacitatu ndi "where", cifukwa shafti ndi malo amene mbaleyo agwiramo nchito. Lacinai ndi "when", cifukwa ca liu lakuti "year". Ndico caka cimene anchito a m'migodi anapanga bungwe lao, Lawrence Katilungu nakhala mtsogoleri wake. Lacisanu ndi "when", popeza yankho ndi "yesterday". Likanakhala "in my chest", tikanaika "where". Lacisanu ndi cimodzi ndi "where", ndipo "from" wa kumapeto ndiye mboni yake. Lacisanu ndi ciwiri ndi "when", ndiye "-ka-" wathu uja: dotolo akafika, mundiitane. Lacisanu ndi citatu lilandira onse awiri, popeza maliro ali ndi tsiku lake ndi malo ake.

Amene mwakhoza zonse, thandizani anzanu a m'komboni amene alikuyamba kumene. Amene mwaphonya ziwiri kapena zitatu, bwererani ku lamulo loyamba, nimuyang'ane yankho la ciri conse. Sabata ino yesani ici: tengani nyuzipepala, musankhe nkhani imodzi yaifupi, nimulembe mafunso awiri, limodzi la "when" ndi limodzi la "where". Mtolankhani ali yense aphunzitsidwa kuika nthawi ndi malo m'mizere yoyamba ya nkhani yake, cotero mayankho simudzawafuna kutali. Mukatero tsiku ndi tsiku, pofika Loweruka mudzakhala mutalemba mafunso 12, ndipo lilime lidzayamba kusankha lokha.

Tsalani bwino nonse, ndipo inu a shifti ya usiku, muyende bwino.